Makina Afa, Matepi Atsala

Nkhani ya lero ikuchokera kumpoto kwa dziko la Malaŵi, m'boma la Karonga, koma ikhudza omvera a m'maboma onse amene ali ndi bokosi la matepi akale pansi pa kama kapena pamwamba pa kabati. Matepi amene akunenedwa pano si makaseti aja odziŵika kwa aliyense. Ndi matepi a pa magudumu aŵiri, amene munthu ankachita kukoleka ndi manja, tepi n'kumachoka pa gudumu la kumanzere, kudutsa pa mahedi, ndi kukadzikulunga pa gudumu la kumanja.

Si nyumba zambiri zimene zidali ndi makina otere. Kaŵirikaŵiri adali a aphunzitsi, a abusa ndi ansembe a pa mishoni, a akalaliki a boma, ndi a amuna obwerera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi ya ku Copperbelt, amene ena a iwo ankatsika sitima ya Ilala pa Chilumba atasenza sutukesi, wailesi ndi tepi rekoda. Pa matepi awo pangapezeke nyimbo za ukwati, kwaya ya mpingo, ng'oma za mapenenga ndi ndingala, ulaliki wa m'Chinkhonde kapena m'Chitumbuka, ngakhalenso mau a gogo akulongosola mbiri ya fuko lake. Eni mau ameneŵa ambiri adapita kale kuli chete, ndipo makina amene adawajambula nawonso adaleka kuzungulira. Tsono mwana kapena mdzukulu amene afuna kumvanso mauwo akumana ndi funso ili: makina oloŵa m'malo mwa akufawo akhale otani?

Yankho lake lili m'bokosi la matepi momwemo. Matepi ndiwo asankha makina. Wogula amene ayamba ndi kusirira dzina la makina, kapena kunyezimira kwa nkhope yake, angataye ndalama zambiri ndi kubwera ndi chinthu chimene sichitha kuŵerenga tepi ndi imodzi yomwe ya m'nyumba mwake.

Mbiri ya makina ameneŵa ithandiza kumvetsa vuto la wogula wa lero. Kampani ya AEG ya ku Germany idaonetsa makina otchedwa Magnetophon pa chionetsero cha mawailesi ku Berlin m'chaka cha 1935, ndipo nkhondo yachiŵiri itatha luso limeneli lidafalikira pa dziko lonse. Hugh Tracey adajambula nyimbo za Atonga, Atumbuka ndi Acheŵa m'Nyasaland m'zaka za 1950, 1957 ndi 1958, ndipo zimene adajambulazo zikusungidwa ku International Library of African Music, pa Rhodes University ku South Africa. Gerhard Kubik adayamba kujambula nyimbo za Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka mu 1967. Nayo wailesi ya MBC, imene idakhazikitsidwa mu 1964, idasunga nyimbo za m'midzi pa matepi a mtundu womwewu kwa zaka zambiri. Koma kampani ya Philips idali itatulutsa kale kaseti mu 1963, kanthu kopepuka kosafuna kukoleka, ndipo pofika zaka za m'ma 1980 makampani ambiri adaleka kupanga makina a magudumu a m'nyumba. Motero pafupifupi makina onse amene munthu angagule lero ndi ogwirapo kale ntchito, a zaka 40 kapena 50. Atsopano alipo oŵerengeka: kampani ya Revox idatulutsa B77 MK III mu 2024, koma pa mtengo woposa mayuro 15,000, ndalama zimene banja wamba silingaziganizire n'komwe.

Ntchito yoyamba, tsono, ichitike munthu asanatuluke m'nyumba. Makina akufawo asatayidwe kudzala, pakuti ndiwo mboni yoyamba. Dzina lake ndi nambala yake, zolembedwa pankhope kapena kumbuyo, zidzamuuza mmisiri mmene matepi a m'nyumbamo adajambulidwira. Pambuyo pake matepi atulutsidwe, ayalidwe pa tebulo louma, ndipo afunsidwe mafunso atatu.

Funso loyamba ndi la kukula kwa gudumu. Pali magudumu a mainchesi 3, amene anthu ena ankatumizirana pa positi ngati kalata ya mau. A mainchesi 5, a makina onyamula m'manja monga Uher 4000 Report. A mainchesi 7, ofala m'nyumba. Ndi a mainchesi 10½, a m'nyumba zoulutsira mau. Makina olandira gudumu lalikulu alandiranso laling'ono, koma makina a mainchesi 7 sangalandire la 10½. Ngati m'bokosi mulibe gudumu loposa mainchesi 7, palibe chifukwa cholipirira makina aakulu, olemera ndi odula.

Funso lachiŵiri ndi la liŵiro. Liŵiro la tepi amaliyeza poona mainchesi amene tepi iyenda pa sekondi imodzi, ndipo odziŵika ndi 1⅞, 3¾, 7½ ndi 15. Anthu a m'nyumba ankakonda 3¾, ena 1⅞, pofuna kuti tepi imodzi itenge zambiri, popeza matepi adali odula. Gudumu la mainchesi 7 lokhala ndi tepi ya mafiti 1,200 limatha m'mphindi 32 pa liŵiro la 7½, koma pa 3¾ limapitirira ola. Tepi yojambulidwa pa 3¾ ikayendetsedwa pa 7½, mkulu wa mau a besi amveka ngati kamwana kothamangitsidwa. Apa ndipo pagwera ambiri, pakuti makina ena otchuka kwambiri, opangidwira akatswiri a nyimbo, ali ndi 7½ ndi 15 basi. Ndi abwino ndithu, koma sangathandize banja limene matepi ake onse ali a 3¾.

Funso lachitatu, lomwe ndi lobisika koposa, ndi la mizere. Tepi ili ngati munda wopapatiza, m'lifupi mwake kota ya inchi, ndipo makina amalima mizere ya mau m'mundamo. Ena amalima mzere umodzi wodzaza munda wonse. Ena amalima mizere iŵiri. Enanso amalima inayi, iŵiri yopita ndi iŵiri yobwerera. Hedi yoŵerenga iyenera kuyenda m'mizere yomwe idalimidwa. Tepi ya mizere inayi yojambulidwa mbali zonse ikaikidwa pa makina a mizere iŵiri, womvera amva zinthu ziŵiri nthaŵi imodzi, chimodzi cholunjika, china chobwerera chammbuyo, monga anthu aŵiri olankhula mopikisana pa bwalo la milandu. Tepi ya mizere iŵiri, ya mau a mbali imodzi popita ndi ena pobwerera, ingamveke pa makina a mizere inayi, koma pa sipika ya kumanzere yokha. Ya kumanja itulutsa mau a tsidya lina chammbuyo, ndipo iyenera kutsekedwa. Chifukwa cha ichi, banja la matepi osakanizika lithandizidwa bwino ndi makina a mizere inayi kuposa a iŵiri. Alipo makina oŵerengeka, monga Technics RS-1500, okhala ndi mahedi oŵerenga mitundu yonse iŵiri, koma mtengo wake ndi wokwera.

Mafunso atatuŵa akayankhidwa, mpamene maina a makina ayenera kutchulidwa. Akai 4000DS, wa zaka za m'ma 1970, ndi wa mizere inayi, wa magudumu a mainchesi 7, wa mota imodzi, ndipo amisiri ambiri amamumvetsa msanga chifukwa m'kati mwake mulibe zovuta zambiri. Wogula aonetsetse kuti kachitsulo kovala pa mtanda wokoka tepi kalipo, pakuti makinaŵa asintha liŵiro kuchoka pa 3¾ kufika pa 7½ povala kachitsuloko, ndipo kamasoŵa kaŵirikaŵiri. Sony TC-377 ali ndi maliŵiro atatu, kuphatikizapo 1⅞, motero ayenera nyumba imene mwini wake adali wosamala tepi. Pioneer RT-707, wa mu 1977, ali ndi mamota atatu ndipo mtanda wake wokoka tepi sudalira lamba. Revox A77, amene adayamba kupangidwa mu 1967, ndi B77 wa mu 1977, alandira magudumu a mainchesi 10½, ndi olimba, ndipo zipangizo zake zikupezekabe kunja. Koma adapangidwa m'mitundu yosiyana, ena a mizere iŵiri, ena a inayi, ena a liŵiro lotsika, ena lokwera, kotero kuti dzina lokha silikwanira. Safunsa adadya phula.

Pali chinthu china chimene wogula ayenera kudziŵa. Makina akale a Grundig ndi Philips adali ndi sipika m'kati mwake, munthu ankangolumikiza ku magetsi n'kumvera. Ambiri mwa makina atchulidwaŵa ndi amene amisiri amati deck, ndipo paokha satulutsa mau okwanira chipinda. Afuna ampulifaya ndi masipika. Nthambo zake zilumikizidwe pa khomo lolembedwa Tape kapena Aux, osati pa khomo la Phono, lomwe ndi la mbale za galamafoni ndipo lingasokoneze mau. Makina a ku Ulaya ali ndi pulagi yozungulira ya timano tisanu, pamene a ku Japan ali ndi mapulagi aŵiriaŵiri, ofiira ndi oyera, motero nthambo yoyenera igulidwe pamodzi ndi makinawo.

Magetsi ndi nkhani yosayenera kuinyozera. Magetsi a ESCOM ndi a mavolti 230, ndipo agunda maulendo 50 pa sekondi. A ku America ndi a mavolti 120 ndi maulendo 60, pamene a ku Japan ndi a mavolti 100. Makina a mavolti 100 kapena 120 akalumikizidwa pa khoma la ku Karonga popanda thiransifoma apsa nthaŵi yomweyo. Ngakhale thiransifoma itakhalapo, makina amene mota yake iŵerengera liŵiro pa kugunda kwa magetsi, ngati adapangidwira maulendo 60, ayenda mochedwa ndi gawo limodzi mwa magawo 6, ndipo nyimbo yonse itsika ndi kukoka miyendo. Wogula ayang'ane kumbuyo kwa makina ngati kuli posinthira mavolti ndi posinthira 50 kapena 60. Revox A77 ndi Pioneer RT-707 alamulira okha liŵiro la mota yokoka tepi, motero savutika ndi kugunda kwa magetsi, ngakhale kuti mavolti ayenera kuonedwabe. Ku midzi yodalira sola, invita ikhale ya mtundu wotulutsa magetsi osalala, pakuti yotsika mtengo ichititsa makina kung'ung'udza ndi mota kutentha. Magetsi akathima, pulagi izulidwe, chifukwa nthaŵi zina abwerera ndi mphamvu yoononga.

Makina akapezeka, wogula akumbukire chikomekome cha nkuyu. Nkhope yonyezimira ibisa zambiri. Ayambe kuona mahedi: ngati tepi idakumba kangalande kozama pankhope ya hedi, koti chikhadabo chikodwa m'mphepete mwake, hediyo yatha, ndipo mau ake adzamveka ngati a munthu wofunda bulangete kumutu. Agwire kagudumu ka mphira kopanikiza tepi: kakhale kofeŵa pang'ono, kosang'ambika, kosamata ngati phula, kosauma ngati mwala. Afunse za malamba, pakuti mphira ya zaka 40 imasungunuka kapena kutamuka. Aone ngati mabatani ndi zokhotetsa zikuyenda popanda kukakamiza, popeza girizi wakale amauma. Kenaka ayese mabuleki: tepi ikuthamanga, akanikize batani loimitsa, ndipo magudumu onse aime pamodzi, tepi osakhuthuka pansi kapena kukokeka mpaka kutamuka. Pomaliza amvere nyimbo ya mau otalika, monga ya limba la m'tchalitchi. Mau akamanjenjemera, liŵiro silili bwino. Makina amene mwini wake akana kuwayesa pamaso pa wogula asiyidwe pomwepo.

Kupeza makina otere ku Karonga si chapafupi. Ena angawapeze kwa amisiri okonza mawailesi ku Mzuzu, Lilongwe kapena Blantyre, ena kwa abale okhala ku Johannesburg kapena ku London, enanso kudzera pa chipata cha Songwe kuchokera ku Mbeya ndi Dar es Salaam. Makinaŵa alemera makilogalamu 12 mpaka 20, ena kuposa apo, motero mtengo wonyamulira ndi msonkho wa pachipata ziŵerengedwe pamodzi ndi mtengo wogulira. Pa msewu wa M1 ndi zitunda za Chiweta makina ayende atakutidwa bwino m'bokosi, osati pa denga la basi. Ndipo munthu asanatumize ndalama kunja, ayambe wapita ndi makina akufa aja kwa mmisiri wodziŵa. Nthaŵi zambiri chofa ndi lamba mmodzi, fyuzi, kapena girizi wouma. Makina amene adajambula matepiwo ali kale ndi liŵiro ndi mizere yoyenera, kotero kuti kuwadzutsa kungapose kugula achilendo.

Komabe makina abwino sangachiritse tepi yodwala, ndipo apa mpamene nyengo ya Karonga iloŵerera. Bomali lili m'chigwa cha m'mbali mwa nyanja, kotentha kwambiri m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndi konyowa m'miyezi ya Malichi ndi Epulo, pamene mitsinje ya North Rukuru, Lufilya ndi Songwe imasefukira nthaŵi ndi nthaŵi. Zivomezi za mu Disembala 2009 zidagwetsa nyumba zambiri, katundu n'kukhala pa mtetete nyengo ya mvula. Kutentha ndi chinyontho ndiwo adani aakulu a tepi. Tepi yochita chuku, yooneka ufa woyera kapena wotuwa m'mbali mwake, isaikidwe pa makina, ndipo munthu asaipume pafupi, pakuti chuku chivulaza chifuwa. Matepi akale kwambiri, a zaka za m'ma 1950 ndi 1960, ambiri ndi a acetate: gudumu lake likayang'anitsidwa ku dzuŵa kuŵala kumapyola, amaduka msanga, ndipo akayamba kuola amanunkha viniga. Matepi ena a kuyambira zaka za m'ma 1970, monga Ampex 406 ndi 456, ali ndi matenda ena: zomatira zake zimamwa chinyontho, tepi n'kumamata, kulira tswii pa mahedi, ndi kusiya zakuda pa chilichonse imene yakhudza. Tepi yotere ikalira, makina aimitsidwe msanga, chifukwa zakudazo ndiwo mau enieniwo akusupuka. Akatswiri osunga zakale amaiumitsa m'ng'anjo yapadera pa madigiri pafupifupi 50 kwa maola ambiri, koma iyi si ntchito ya pa mbaula kapena ya padzuŵa, ndipo tepi ya acetate siyenera kutenthedwa konse.

Pa tsiku loyamba la makina atsopanowo pali malamulo aŵiri. Loyamba, tepi ya mau a gogo isakhale yoyesera. Ayambe ndi tepi yopanda kanthu kofunika, ndipo mahedi apukutidwe ndi thonje loviikidwa mu sipiriti wosasakaniza asanayambe ndiponso akamaliza tepi iliyonse. Lachiŵiri, batani lofiira lojambulira liphimbidwe ndi pepala lomata. Kaseti idali ndi timakutu tothyola kuti isafufutidwe, koma tepi ya pa gudumu ilibe chotchinjiriza chotere. Chala cha mwana chikakanikiza batanilo tepi ikuyenda, hedi yofufuta isesa mau amene adadikira zaka 50, ndipo palibe mmisiri pa dziko lapansi angawabweze.

Wogula ayeneranso kuvomereza kuti makina amene wapezawo sadzakhalitsa. Mu 2019 bungwe la UNESCO, mogwirizana ndi bungwe la osunga mau ndi zithunzi la IASA, lidachenjeza maiko kuti makina oŵerengera matepi, zipangizo zake ndi amisiri ake zikutha, ndipo lidatchula chaka cha 2025 ngati nthaŵi imene kusamutsa matepi kudzayamba kuvuta kwambiri. Matepi atsopano akupangidwabe ku France ndi ku America, koma tepi yatsopano sibweza mau akale. MBC idasamutsa nyimbo zambiri za pa matepi ake kupita pa kompyuta ndi chithandizo cha dziko la Norway, ndipo zimene wailesi idachita ndi nkhokwe yake banja lingachite ndi bokosi lake. Tepi iliyonse ikamveka koyamba, mauwo aloŵe nthaŵi yomweyo mu kompyuta, pakuti mwina sidzalola kumveka kachiŵiri. Asungidwe monga WAV, osati MP3 yokha imene imataya mbali ya mau pofuna kuchepetsa malo, ndipo makope akhale m'nyumba ziŵiri kapena zitatu zotalikirana, imodzi ku mtunda kumene madzi safika. Matepi enieniwo asatayidwe. Aimikidwe chilili m'mabokosi ake, m'chipinda chozizira ndi chouma, kutali ndi denga la malata ndi maginito a masipika.

Pali ntchito imodzi imene makina sangaigwire. Tepi siidziŵa dzina la woimba, mudzi wake, kapena chaka cha ukwati uja. Odziŵa zimenezi ndi okalamba amene atsala ku Kaporo, ku Ngerenge, ku Lupembe ndi ku Nyungwe, ndipo ayenera kuitanidwa kudzamvera, wachinyamata ali pambali ndi kope ndi cholembera. Mau a Chinkhonde chakale amene adzukulu sawamvanso amasuliridwe pomwepo. Popeza makina amodzi angathe kutumikira mabanja ambiri, mpingo, sukulu kapena mudzi ungasonkhe ndalama ndi kugula amodzi abwino, m'malo moti aliyense agule akeake ofooka. Karonga ali ndi nyumba yosungiramo zakale, Cultural and Museum Centre Karonga, imene idatsegulidwa mu 2004 ndipo ikuonetsa chigoba cha Malawisaurus, chinyama chimene mafupa ake adagona m'nthaka zaka zoposa 100 miliyoni. Banja limene lapeza pa tepi yake nyimbo kapena mbiri yokhudza boma lonse lingachite bwino kukafunsa kumeneko ngati kope lingasungidwe.

Akale adati mau a akulu akoma akagonera. Mafupa angagonere m'nthaka zaka mamiliyoni, koma mau a pa tepi, m'kutentha kwa m'mbali mwa nyanja, amafooka chaka ndi chaka. Motero mwini bokosi ayeze magudumu ake, adziŵe liŵiro ndi mizere, aone za magetsi, ayese makina ndi maso ndi makutu ake, ndipo asamutse mauwo mvula ya chaka chino isanagwe. Zengerezu adalinda kwaŵukwaŵu.